Dula Miyendo, Siya Mutu: Zida ndi Kamenyedwe mu Dead Space

Pafupifupi gemu iliyonse ya mfuti imaphunzitsa wosewera chinthu chimodzi: lunjika kumutu. Mnyamata amene wakulira pa Call of Duty, kapena amene bandulo yake imathera pa Free Fire ndi PUBG pafoni, chala chake chimadziwa kale zimenezi iye asanaganize n'komwe. Mdani akangotulukira, kachizindikiro kamathamangira pachipumi, phaa, nkhani yatha. Koma mu 2008 kunatuluka gemu imene inatenga chizolowezi chimenechi n'kuchisandutsa msampha. Dzina lake ndi Dead Space. M'menemo ukaphulitsa mutu wa chilombo, chilombocho sichigwa. Chimabwerabe chili chopanda mutu, chikukupiza mikono yake yakuthwa uku ndi uku, iwe utataya kale chipolopolo chimene udzachilira pakhomo lotsatira.

Gemuyi inapangidwa ndi situdiyo ya kampani ya Electronic Arts ku Redwood Shores m'chigawo cha California, motsogozedwa ndi Glen Schofield, ndipo inatuluka mu Okutobala 2008 pa PlayStation 3, pa Xbox 360 ndi pa kompyuta. Opanga ake sankabisa kuti anatapa nzeru zambiri ku Resident Evil 4 ya kampani ya Capcom ya ku Japan, imene inatuluka mu 2005 ndi kamera yoima kuseri kwa phewa la munthu amene ukumuyendetsa. Iwo anatenga kamera yomweyo n'kuiponya kutali m'mlengalenga, m'chaka cha 2508, m'chombo chachikulu cha migodi chotchedwa USG Ishimura, chimene ntchito yake ndi kung'amba mapulaneti n'kutapamo miyala ya phindu. Chombocho chili pamwamba pa pulaneti ya Aegis VII ndipo chasiya kuyankha mauthenga, ndiye kagulu ka anthu owerengeka katumidwa kukachikonza. Mmodzi wa iwo ndi Isaac Clarke, amene dzina lake linalukidwa kuchokera kwa alembi awiri otchuka a nthano za sayansi, Isaac Asimov ndi Arthur C. Clarke. Isaac si msilikali. Ndi injiniya, wabwera kudzalumikiza mawaya, ndipo mumtima akuyembekeza kuonana ndi bwenzi lake Nicole amene amagwira ntchito ya zachipatala m'chombomo. Atafika akupeza anthu atafa, mitembo yawo yapindikapindika n'kusanduka zilombo zotchedwa Necromorph, ndipo gwero la zonsezi ndi chimwala chachilendo chotchedwa Marker chimene chinafukulidwa pa pulaneti ija.

Ukalowa m'kanyumba ka magemu pa Mitundu tsiku la msika, kapena pa Nathenje m'mbali mwa msewu wa M1, gemu ngati imeneyi siioneka kawirikawiri. Mfumu ya malo amenewa ndi gemu ya mpira, kenako magemu a nkhonya a anthu awiri monga Mortal Kombat. Sikuti anyamata a kuno ndi amantha. Nkhani yagona pa ndalama. Mwini makina amalipiritsa pa gemu imodzi, ndipo mpira umatha m'mphindi zochepa, wogonja n'kupereka padi kwa mnzake amene wakhala akudikira pabenchi. Dead Space ndi ya munthu mmodzi, ili ndi mitu 12, ndipo kuti uimalize pamafunika maola oposa 10. Palibe mwini makina angalole kasitomala mmodzi kukhalira mpando tsiku lonse akuyenda mwakachetechete mumdima, ena ndalama zili m'manja. Kwawo kwenikweni kwa gemu yotere ndi pa laputopu ya wophunzira wa ku Bunda mayeso atatha, kapena pa PlayStation 3 yakale ya pakhomo, usiku, mahedifoni ali kukhutu. Ya 2008 ija siifuna makina amphamvu kwambiri pa muyeso wa lero, ndiye imafikirika. Makolo angodziwa kuti ku Ulaya anaiika m'gulu la magemu a zaka 18 kupita m'tsogolo, ndipo sanalakwitse: magazi ali ponseponse.

Lamulo lalikulu la nkhondo m'chombomu wosewera amalipeza koyambirira, litalembedwa ndi magazi pakhoma ndi munthu wina amene analiphunzira mochedwa: zilombozi uzizidula ziwalo. Necromorph ndi mtembo, choncho mtima ndi ubongo sizigwiranso ntchito imene zinkagwira munthu ali moyo. Ukawombera pachifuwa, chimafa ndithu, koma chitakudyera zipolopolo zambirimbiri. Ukadula mwendo, chimagwa n'kuyamba kukwawa, ndipo wapeza mpata wopuma. Ukadulanso mkono umodzi kapena iwiri, nthawi zambiri chatha. Chilombo chofala kwambiri, Slasher, chili ndi mikono iwiri yotuluka m'mapewa yokhala ndi fupa lakuthwa kumapeto, ndipo ndi pa chimenechi pamene wosewera aliyense amaphunzirira: mwendo kaye, kenako mkono.

Pali chinthu chinanso chimene chimawonjezera mantha. Pa sikirini palibe manambala oyandama m'makona monga zimakhalira m'magemu ena. Moyo wa Isaac umaoneka ngati mzere wowala pamsana pa chovala chake, kuchuluka kwa zipolopolo kumaoneka pa chida chenichenicho, ndipo ukatsegula chikwama kuti utenge mankhwala gemu siiima. Chilombo chikhoza kukugwira uli mkati mosankha botolo. Choncho posanja zida za m'gemuyi, funso lakuti chimaphulika mokweza ndi chiti lilibe ntchito kwenikweni. Mafunso ofunika ndi atatu: chida chimadula chiwalo ndi zipolopolo zingati, chimakupulumutsa pa mtunda wotani, ndipo chimakudyera malo ndi ndalama zochuluka bwanji. Mndandanda uli m'munsiwu ndi wa gemu ya 2008, imene ili ndi zida 7. Mwa zimenezi, chimodzi chokha ndicho mfuti ya asilikali. Zina zonse ndi zipangizo za amisiri a mumgodi.

Pamwamba pa zonse ndikuika Plasma Cutter, ndipo pa mfundo imeneyi osewera ambiri sakangana. Ndi chida choyamba chimene Isaac amatola, chaching'ono, chogwira ndi dzanja, chopangidwira kudula miyala. Chimayamba ndi zipolopolo 10. Chimalasa ndi kamzere kafupi ka moto, ndipo timagetsi titatu timakusonyeza pamene kamzereko kakagwere. Luso lake lonse lili pa batani limodzi limene limatembenuza kamzereko, kuti kagone chopingasa kapena kaime chilili. Mwendo wa chilombo choimirira umadulidwa bwino ndi mzere wopingasa. Mkono wotambasukira m'mbali umafuna mzere woimirira. Ndiye m'nkhondo iliyonse chala chimakhala pa ntchito ziwiri, kutembenuza ndi kuwombera, ndipo amene wazolowera amagwetsa Slasher ndi zipolopolo zowerengeka pamene wachilendo watha kale theka la chikwama.

Chimene chimachikweza kwambiri n'chakuti chilibe malo amene chimalepheratu. Chimalasa patali molondola, chimawombera mofulumira chilombo chikayandikira, chimagwira ntchito kunja kwa chombo kumene kulibe mpweya, ndipo zipolopolo zake ndi zotsika mtengo m'sitolo ndiponso zimapezeka paliponse. Taganizani za Lurker, kachilombo kopangidwa ndi mtembo wa khanda, kamene kamakwera makoma n'kutulutsa tizingwe titatu kumsana toponyera minga. Kuwombera thupi lake n'kutaya nthawi. Umadikira kuti tizingwe tija tituluke, n'kugoneka mzere chopingasa, n'kutidula. Opanga gemuyi ankadziwa mphamvu ya chida chawo, moti anaikamo mphoto yapadera yotchedwa One Gun ya munthu amene wamaliza gemu yonse ndi Plasma Cutter yokha. Pamaso imaoneka ngati mphoto ya akatswiri okhaokha, koma ambiri amene anaiyesa amapeza kuti gemu imafewa, pa chifukwa chimene tichione kutsogoloku.

Pa nambala 2 ndikuika Ripper, ngakhale ndikudziwa kuti apa ena adzandinyoza. Amene anaimapo pa shedi ya owotcherera zitsulo pa Nathenje n'kuona gulainda ikudya chitsulo cha windo adzachimvetsa msanga. Ripper imatulutsa sowo yozungulira imene imayandama patsogolo pa Isaac, pa mtunda wa masitepe ochepa, ikuzungulira kwa masekondi angapo, ndipo iwe umaiyendetsa kumene ukuloza. Sowo imodzi, imene ndi chipolopolo chimodzi, ikhoza kudula miyendo ndi mikono ya chilombo chonse, mwinanso n'kuyamba chachiwiri isanathe. Pa nkhani yosunga zipolopolo palibe chida chochiposa. Vuto lake ndi lakuti imafuna mtima. Uyenera kulola chilombo kufika pafupi, n'kuima pa mtunda woyenera ndendende, pakuti chikayandikira kwambiri sowo imazungulira kumbuyo kwake iwe ukulandira zikhadabo. Kwa zilombo zoponya zinthu patali, ndiponso kwa Exploder imene ili ndi chotupa chachikasu chophulika kumkono, Ripper ndi chida cholakwika kotheratu. Kukhudza chotupacho ndi sowo uli pafupi n'kudziphera wekha.

Line Gun ndi mkulu wake wa Plasma Cutter. Imaponya mzere wotambalala umene umadutsa m'zilombo zingapo nthawi imodzi, moti m'kanjira kopapatiza, zilombo zitatu zikubwera motsatizana, chipolopolo chimodzi cholasidwa m'mawondo chimazigwetsa zonse. Ilinso ndi bomba lotchera nthawi, labwino pa Guardian, chilombo chomera pakhoma chimene chimapha ndi kumenya kumodzi ukachiyandikira. Koma imawombera pang'onopang'ono, ndipo zipolopolo zake zimadzaza chikwama msanga. Ndi chida chotulutsa zinthu zikafika povuta, osati choyenda nacho m'manja nthawi zonse. Force Gun imabwera pambuyo pake pang'ono. Iyi siidula mwaluso. Imangokankha ndi mphamvu chilichonse chili pafupi n'kuchigwetsera kutali, ndipo ndi mankhwala a tizilombo ting'onoting'ono totchedwa Swarmer timene timakwera thupi la Isaac m'chigulu. Ukapanikizidwa pakona, kuwomba kumodzi kumakutsegulira njira. Patali ilibe mawu.

Contact Beam ndiyo yamphamvu kuposa zonse, ndipo n'chifukwa chake achilendo amaithamangira. Umagwira batani kwa kanthawi kuti mphamvu idzaze, ukasiya chilombo wamba chimamwazika. Pa Brute, chimphona chokhala ndi chikopa cholimba kutsogolo, imafupikitsa nkhondo kwambiri. Koma kanthawi kodikira kaja ndi kambiri m'chipinda chimene zilombo zikutuluka mbali zonse, ndipo ukaphonya wataya chipolopolo chodula kwambiri m'gemu yonse. Kudula komweko kunabala kachinyengo kamene osewera akale amakadziwa: ena amayenda ndi Contact Beam osaiwombera n'komwe, cholinga chili chotola zipolopolo zake n'kukazigulitsa kusitolo pa mtengo wabwino. Chida cha nkhondo n'kusanduka geni.

Kumunsi kuli zida ziwiri zimene m'gemu ina iliyonse zikanakhala pamwamba. Pulse Rifle, mfuti yeniyeni ya asilikali, imalavula zipolopolo zambiri zing'onozing'ono mofulumira. Inapangidwira kupha anthu amoyo, amene amagwa akalasidwa pachifuwa, ndiye pa mitembo yofuna kudulidwa ziwalo imamwaza chuma. Wachilendo amaikonda chifukwa ikufanana ndi mfuti zimene anazolowera kwina, ndipo amazindikira mochedwa kuti chikwama chauma. Sindikuti n'njachabe. Ikakwezedwa mphamvu imathandiza pa tizilombo tating'ono ndi pa zimphona zokhala ndi malo ofewa owala, ndipo ili ndi osewera ena amene amalumbirira pa iyo. Koma kuti ifike pamenepo imadya zambiri. Flamethrower ndiyo yomaliza. Moto umaoneka bwino pa sikirini, koma suchotsa chiwalo msanga ndipo suimitsa chilombo, choncho chimene unali nacho ngati Slasher wamba tsopano ndi Slasher yoyaka imene ikukuthamangirabe. Mafuta ake amatha ngati madzi, ndipo kumalo opanda mpweya siyaka n'komwe. Pamenepa opanga gemu anatsata sayansi mokhulupirika, wosewera n'kulira nazo.

Tsopano chifukwa chija chimene gemu imafewera kwa munthu wa chida chimodzi. Isaac amatha kunyamula zida zinayi, ndipo mtima umafuna kudzaza malo onse anayi. Koma zipolopolo zimene zimagwa kuchokera m'zilombo ndi m'mabokosi zimatsatira kwambiri zida zimene wanyamula. Ukanyamula zinayi, umatola pang'ono za ichi, pang'ono za icho, ndipo pa nthawi ya nkhondo chida chimene ukuchidalira chimakhala chopanda kanthu pamene chikwama chadzaza ndi mafuta a Flamethrower. Kukweza mphamvu ya zida nakonso kumafuna tizipangizo totchedwa Power Node, timene umakatiika pa benchi ya amisiri. Timapezeka mwa apo ndi apo, ndipo m'sitolo kamodzi kamagula 10,000 ya ndalama za m'gemumo. Tomweto ndi timene timawonjezera moyo ndi mpweya wa chovala cha Isaac, ndiponso timatsegula zipinda zina zokhoma zosungira katundu. Ukatigawa pa zida zinayi, zonse zinayi zimakhala zofooka pamene zilombo zakuda zolimba kwambiri zayamba kutuluka chakumapeto. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Zida ziwiri zimakwana: Plasma Cutter yokwezedwa mpaka kumapeto, ndi china chimodzi cha pa chigulu, kaya Line Gun, Ripper kapena Force Gun malinga ndi dzanja la munthu.

Pali zipangizo ziwiri zimene sizilowa pa mndandanda wa zida koma zikanati zilowe zikanapikisana ndi nambala 1. Choyamba ndi Stasis, imene imachedwetsa chilichonse chimene wailozetsa. Isaac anaipatsidwa kuti azichedwetsa zitseko zowonongeka ndi makina othamanga, koma pa chilombo imagwiranso chimodzimodzi. Brute ikakuthamangira, umaiziziritsa ndi Stasis, n'kuizungulira, n'kuilasa kumsana kumene kulibe chikopa. Twitcher, zilombo zopangidwa ndi mitembo ya asilikali a chombo cha nkhondo cha USM Valor, zimathamanga mwakuti diso silizitsata bwino, ndipo popanda Stasis kuzidula miyendo ndi mwayi chabe. Anthu ambiri amaisunga Stasis ngati ndalama ya maliro mpaka kufa nayo yodzaza, chonsecho malo oidzadzira kwaulere ali m'makoma ambiri a chombocho. Chachiwiri ndi Kinesis, yonyamulira zinthu patali. Mabotolo ofiira ophulika amene ali mbwee m'zipinda ndi mabomba aulere. Ukadula mkono wa Exploder chotupa chisanaphulike, chotupacho umachinyamula n'kuponyera anzake. Mu Dead Space 2 ya 2011 anawonjezera kuti fupa lakuthwa la Slasher imene wapha ukhoza kulizula n'kukhomera nalo inzake kukhoma, osataya chipolopolo ngakhale chimodzi.

Ndiye pali nkhani ya malo oima, imene anthu a dera lino sachita kuiphunzira ku California. M'zaka za m'ma 1800, pamene Angoni ankathira nkhondo midzi ya Achewa m'chigawo chapakati, anthu a Mfumu Mazengera anakakhala paphiri la Nkhoma. Pachigwa, mdani wa chishango ndi nthungo ankatha kuzinga mudzi mbali zonse, koma paphiri ankayenera kukwera, ndipo ankaonekera akadali kutali.  M'chombo cha Ishimura nzeru yake ndi yomweyo: sankha malo amene mdani angakufikire kuchokera mbali imodzi. Zilombo zimayenda m'mipata ya mpweya ya m'makoma ndi kudenga, ndipo gemu imakonda kutulutsa chimodzi kutsogolo kuti uyang'ane kumeneko, china chikutsika kumbuyo. Choncho polowa m'chipinda chachikulu, diso liyambe lawerenga mipata imeneyi. Zitseko zikadzitseka, alamu n'kuyamba kulira, thamangira pakona yopanda mpata wa mpweya, msana kukhoma, kuti zonse zibwere pamaso pako. Koma usamere mizu pamenepo. Kusiyana ndi Resident Evil 4 ya 2005 ija, kumene munthu amaima chilili akamaloza mfuti, Isaac amatha kuyenda akuloza, ndipo kubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono uku ukudula miyendo ndiko kamenyedwe kamene gemuyi inamangidwirapo.

Zilombo zikabwera zamitundumitundu, kusankha choyamba kupha kumaposa kulasa molondola. Infector, chilombo chokhala ngati mleme waukulu, sichilimbana nawe kwenikweni. Chimathamangira mitembo ili pansi n'kuisandutsa ma Slasher akuda olimba, ndiye chikaoneka siya zonse uyambe ndi icho. Osewera ozolowera amapitirira apo: akalowa m'chipinda chodzaza mitembo, amaiponda n'kuithyola ziwalo nkhondo isanayambe, kuti Infector ikabwera ipeze palibe chogwiritsa ntchito. Kwa ife amene tinaleredwa kuti maliro amalemekezedwa, mudzi wonse n'kusiya makasu, ntchito imeneyi imanyansa ngakhale pa sikirini, ndipo ndikukhulupirira kuti opanga gemu ankafuna kuti inyanse. Pregnant, chilombo cha chimimba chotupa, chimafuna dzanja lodekha, chifukwa ukaboola mimbayo mumatuluka tizilombo tambirimbiri. Dula mikono, mimba isiye. Ndipo chilombo chogona pakati pa njira, thupi lake lili lathunthu, usachikhulupirire. Zina zimanamizira kufa.

Mu Januwale 2023 situdiyo ya Motive ya ku Montreal inatulutsa Dead Space yopangidwanso mwatsopano, ya PlayStation 5, Xbox Series ndi makompyuta amphamvu, ndipo mndandanda uja unagwedezeka. Anaikamo dongosolo lakuti mnofu wa chilombo uzisendeka pang'onopang'ono mpaka fupa kuonekera, ndiye zida zosenda mnofu monga Flamethrower ndi Force Gun zinapeza ntchito: zimafewetsa, Plasma Cutter n'kumaliza. Flamethrower anaipatsanso khoma la moto lotsekera njira, Line Gun anaipatsa misampha ya kuwala yomata pakhoma, Force Gun anaipatsa mphamvu yokokera zilombo pamalo amodzi, ndipo Contact Beam inayamba kuwomba mosalekeza m'malo modikira. Zida zambiri sumagulanso m'sitolo, umazitola m'njira. Ngakhale zili choncho, Plasma Cutter sinatsike pampando.

Umboni wakuti kusowa ndiko kunkapatsa zidazi tanthauzo unaoneka mu Dead Space 3 ya 2013. M'menemo wosewera amadzipangira zida polumikiza zidutswa, zipolopolo ndi za mtundu umodzi pa zida zonse, ndipo ukhoza kusewera ndi mnzako. Anthu anapanga mfuti zoopsa zolavula moto ndi mabomba nthawi imodzi, ndipo mantha ambiri anathera pomwepo. Situdiyo imene inayambitsa zonsezi, imene kuyambira 2009 inkatchedwa Visceral Games, inatsekedwa mu 2017. Komanso mndandanda wa gemu imodzi sungausamutsire ku ina. Mu Alien: Isolation ya 2014, yopangidwa ndi Creative Assembly ku England, chilombo chake chachikulu sichifa ndi chida chilichonse chimene wanyamula, ndipo kulira kwa mfuti kumangochiitana. Kumeneko Flamethrower, imene taiika kumchira kuno, ndiyo ya mtengo wapatali, chifukwa moto umachithamangitsa kwa kanthawi n'kukupatsa mpata wobisala.

Dead Space nayo ili ndi chilombo chimodzi chotere, Hunter, chimene chinapangidwa ndi Dr. Challus Mercer, dokotala wa m'chombomo amene anapenga ndi chipembedzo cha Marker. Ukachidula miyendo ndi mikono chimagwa, koma pakapita masekondi ochepa ziwalo zimameranso, n'kudzuka. Apa Contact Beam ndi Plasma Cutter n'zofanana, zonse zimangogula nthawi. Njira yake ndi kudula miyendo yokha, kuthira Stasis chikadali pansi, n'kuthamangira ntchito imene wabwerera, osataya zipolopolo pa mikono. M'mutu 5 Isaac amachikokera m'chipinda choumitsira matupi ku chipatala cha chombocho n'kuchiumitsa ndi chisanu. Chimabweranso m'mutu 10, ndipo ulendo uno amachinyengerera kuti chiime kumbuyo kwa kachombo kothawira, amachidula miyendo pomwepo, amachithira Stasis, n'kuthamangira kukayatsa injini.